Mphatso pa Chipatala cha Queen Elizabeth

Chipatala cha Queen Elizabeth mu mzinda wa Blantyre chinatsegulidwa m'chaka cha 1958, ndipo Boma ndilo limasenza mtolo wochiyendetsa. Komabe nkofunika kuti atsogoleri a Chipani ndi ogwira ntchito m'Boma adziwe zimene mphatso za anthu akufuna kwabwino zachita pamalopo.

M'chaka cha 2017, bungwe la Raising Malawi, la woimba Madonna, linatsegula nyumba ya Mercy James, yochitiramo ana opaleshoni ndi kusamaliramo odwala mwakayakaya. Madokotala achimalawi akuphunzira luso momwemo, ndipo phindu limeneli liposa la njerwa ndi malata.

Kafukufuku nayenso wadalira mphatso. Makina a MRI amene kampani ya General Electric inapereka mu 2008 anathandiza Dokotala Terrie Taylor ndi anzake kusonyeza, mu 2015, kuti malungo a mu ubongo amapha ana potupitsa ubongowo mpaka mwana aleke kupuma.

Chodandaulitsa nchakuti mphatso zimenezi zinachokera kunja. Koma mwana amene malungo amuthera magazi sangadikire mlendo wa pa ndege. Ambiri opereka magazi m'dziko muno ndi ana a sukulu, kotero sukulu zikatsekera magazi amasowa, ndipo tchuthi cha Disembala chimagwa m'nyengo ya dzinja, malungo atavuta. Apampando a nthambi ndi a madera, pamodzi ndi akuluakulu a m'maofesi, atsogolere anthu awo kukapereka magazi sukulu zisanatsekere.