Tisadagwetse, tiyambe tajambula

Amene mumachita malonda mu Limbe mukudziwa kuti malo avuta. Sitolo yaing'ono lendi yake ndi yoboola m'thumba, ndipo aliyense diso lili pa zigafa za dzimbiri zomwe zaima m'mbali mwa njanji. Ambiri akuti zigwe, pamangidwe masitolo osanjikiza. Inetu sindikukana. Tauni siingakhale monga anaisiyira atsamunda. Koma ndili ndi funso kwa akuluakulu a khonsolo: chikumba chisadafike, ndani amene akhale atajambula ndi kulemba zomwe zilipo?

Tikumbutsane kuti njanji ndiyo idabala Limbe. Sitima ya Shire Highlands Railway idafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje. Malo okonzera sitima adakhazikika ku Limbe, a fodya a Imperial Tobacco nawo n'kumanga pafupi, amwenye n'kutsatira ndi masitolo awo. Mu 1935 njanji idakafika ku Salima. Agogo athu ochuluka adaphunzirira m'zigafa zimenezi kusula chitsulo, kuwotcherera ndi kulandira malipiro a pamwezi. Pamene boma lidapereka njanji m'manja mwa Central East African Railways mu 1999, ambiri tidangokamba za anthu ochotsedwa ntchito, nyumbazo osazilabadira. Pa Chiromo madzi adakokolola njanji mu 1997, ndipo masiteshoni a kumunsiko adakhala zaka ndi zaka osaona sitima.

Nanga za mowa? Fakitale ya ku Makata idatsegulidwa mu 1968, ndipo inali yoyamba ya Carlsberg kunja kwa dziko la Denmark. Mu 2016 idapita m'manja mwa a Castel. Sindikunena kuti wina akufuna kuigwetsa, ayi. Koma fakitale imasintha tsiku ndi tsiku: thanki yakale imachotsedwa, makina atsopano n'kulowa, ndipo palibe amene amakhala ndi nthawi yosunga chithunzi.

Eni ake ku Copenhagen adasiya kufulula mowa wambiri pa fakitale yawo yakale mu 2008. Pamalopo padamangidwa nyumba zogona, masitolo ndi sukulu, koma chipata cha njovu zinayi zamiyala cha mu 1901 chikadali chiimire, pamodzi ndi nyumba zina zakale. Ndalama adapanga, mbiri osataya. Ife tidachita zina m'nthawi ya Kamuzu, pamene nyumba zakale mu Blantyre zinkapakidwa nyenyezi yofiira kuti zigwetsedwe. Madzi akatayika saoleka.

Chomwe ndikupempha n'chotsika mtengo kuyerekeza ndi simenti ya nyumba imodzi yosanja. Wofuna chilolezo chogwetsa ayambe walipira anthu oyeza zipupa, kujambula mapulani, kutola zithunzi mkati ndi kunja, ndi kulemba zaka ndi maina a makampani omwe adadindidwa pa zitsulo. Zonsezi zikasungidwe ku National Archives ku Zomba, zina ku myuziyamu ya ku Chichiri komwe kuli kale mutu wa sitima ya malasha. Lamulo loteteza zinthu zakale, la Monuments and Relics Act, lilipo. Vuto n'loti ambiri tikamva zakale timaganiza za Mandala House ya mu 1882 ndi matchalitchi basi, ngati kuti pomwe ankagwira ntchito munthu wakuda wovala ovolosi si mbiri.

Wina anena kuti izi zichedwetsa chitukuko. Masabata awiri kapena atatu, abale, n'kuchedwa kumeneko? Ophunzira za zomangamanga ku MUBAS, yomwe kale inali Polytechnic, angathe kugwira ntchitoyi pa holide, aphunzitsi awo n'kuwapatsira malikisi. Chomwe sichingadikire ndi anthu. Madalaivala a sitima za malasha ndi amisiri oyamba a ku Makata akalamba, ena adabwerera kumudzi. Wophunzira wa foni m'manja awapeze chaka chino, awafunse kuti chigafa chilichonse chinkagwira ntchito yanji.