PHIRI LA ZOMBA SILIWERENGA LAISENSI

Abale anga, ndabweranso ine mwana wa msodzi uja. Lero ena mundida, koma werengani mpaka kumapeto.

Msuweni wanga akupita ku Joni, akuti akayendetsa galimoto zonyamula anthu. Sabata yatha anandipeza kuno ku Zomba akumwetulira, kakhadi ka laisensi kali m'manja. Ndinamufunsa kuti aise, unaphunzira liti? Akuti masiku atatu pabwalo la mpira, zotsalazo anakonza ndi dobadoba.

Sindinakangane naye. Tinabwereka kagalimoto n'kukwera phiri mpaka ku Ku Chawe, ine ndikuyendetsa. Pobwerera ndinamupatsa makiyi.

Mseu umenewo mukuudziwa: wopapatiza, makona okhaokha, mbali ina phompho. Mumadutsa malole a matabwa, amayi osenza nkhuni, abambo okankha njinga zodzaza mitolo. Mnyamata uja anangochotsa giya n'kuika pa fili, eti kupulumutsa mafuta, phazi lili pa buleki osachotsa. Tisanafike pakati, fungo la chinthu chopserera linadzaza m'galimoto, buleki n'kuyamba kufewa. Ndinakuwa kuti abweze giya yachiwiri. Tinakaima m'mbali, patsogolo pathu pali mayi wobereka mwana, nkhuni zili pamutu. Mayiyo sanadziwe n'komwe kuti imfa yamununkhiza.

Msuweni wanga sankadziwa kuti potsika phiri injini ndiyo imagwira galimoto, ndiponso kuti buleki ukaiponda nthawi yaitali imatentha n'kusiya kugwira. Koma khadi ali nalo, chithunzi chake chili pomwepo, lovomerezeka kuyenda nalo maiko a SADC.

Bambo anga analibe pepala lililonse la usodzi. Koma nkhafi sanandipatse tsiku limodzi. Ndinayamba ndi kukapa madzi m'bwato, kenako kuwerenga mitambo, kudziwa kuti uyu ndi mwera, uyu ndi mpoto, lero sitilowa. Ankati nyanja siimva kuti ndiwe mwana wa ndani. Mseu ndi chimodzimodzi. Munthu ungamupatse ya fanta, koma kona sungaipatse.

Ndikudziwa muyankha kuti sukulu yoyendetsa ndi yodula, mizere ndi yaitali, ntchito kulibe. Zoona, umphawi ndimaudziwa, ndakulira usipa wopanda tomato. Koma ndi magulu a WhatsApp omwe ano amene timasonkherana ndalama zobweretsera maliro kuchokera ku Joni. Kodi chodula n'chiti, miyezi iwiri ya maphunziro kapena bokosi lodutsa pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza?

Ndipo kwa eni si kwanu. Inde, ku South Africa amayenda kumanzere ngati ife, ndipo laisensi yathu ya Chingerezi, yokhala ndi chithunzi, amailandira kwa mlendo. Koma pamisewu yawo ikuluikulu malire ndi 120, mizere itatu kapena inayi mbali imodzi, matakisi akukudula kutsogolo. Ukafuna kunyamula anthu olipira pamafunikanso chilolezo china chotchedwa PrDP, ndipo kwa madalaivala otero muyezo wa mowa m'magazi ndi 0.02 basi. Dobadoba wako anakuuza zimenezo? Ukagunda mwana wa eni uli mlendo, khamu likakuzinga silifunsa kuti wolakwa ndani. Ndipo mawa lake amene amavutika ndi Amalawi onse a m'dera limenelo, ngakhale amene anaphunzira bwinobwino.

Musaganize kuti mapiri ali ku Zomba kokha. Mu Okutobala 2025 basi inagwera kuphompho pamseu wa N1 pafupi ndi Louis Trichardt ku Limpopo, pamalo otsetsereka. Anthu oposa 40 anafa, Amalawi ndi Azimbabwe obwerera kwawo. Mseu umenewo ndi womwe mukufuna kukayendapo ndi luso la pabwalo la mpira.

Inu ogulitsa makhadi pakhomo lakumbuyo, mukugulitsa mitembo. Inu makolo amene mumagulitsa bwato ndi ukonde kuti mwana adule laisensi yachidule, mwamugulira ulendo wopita wokha. Nanga ife amene timakwera n'kungoti zii dalaivala akuthamanga ngati wamisala? Tonse tili momwemo.

Msuweni wanga ndamulanda pasipoti, ili kwa amayi ake. Walembetsa sukulu, ndipo Loweruka lililonse tizikwera phiri. Tsiku limene adzatsike kuchokera ku Ku Chawe mpaka m'tauni, chifunga cha chiperoni chitakuta, buleki osanunkha, ndidzamuperekeza ndekha kokakwera basi. Akundinena kuti ndine wansanje. Anene. Safunsa anadya phula, ndipo bola andide ali moyo.

Tumizani kwa m'bale wanu amene akulongedza chikwama.

Ndatha ine mwana wa msodzi, pano pa Zomba.