Kuona Maso a Nkhono N'kudekha



M'mwezi wa Julaye tinaitanidwa ku nikaha ya mwana wa mlongo wathu ku Dedza. Tinanyamuka ku Salima titaswali Fajr, tinadutsa Chipoka ndi Mtakataka, ndipo titafika pa Golomoti galimoto inakhotera kumanja n'kuyamba kukwera msewu wa Khwekhwerere. Pansi paja tinali m'malaya wamba, koma tisanafike pamwamba amayi anali atafunda zitenje ziwiriziwiri, abambo atapisa manja m'khwapa, ana akudandaula kuti makutu awo atseka.

Chifukwa chake n'chakuti tinakwera kwambiri m'kanthawi kochepa. Nyanja yathu ili pa mamita pafupifupi 470 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, tauni ya Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600, ndipo nsonga ya phiri la Dedza ili pa mamita pafupifupi 2,200. Munthu akakwera mamita 1,000 mphepo imazizirirapo ndi madigiri pafupifupi 6.

M'mawa mwake, popanga wudhu, madzi anatiluma zala. Ana anayamba kuseka ataona kuti m'kamwa mwawo mukutuluka utsi popanda moto. Panja panali nkhungu yoti sungaone nyumba ya mnzako. Kwathu tikati nkhungu timanena tizilombo touluka timene timafuka pa nyanja ngati utsi, koma kumeneku nkhungu ndi mtambo umene umatsika kudzayenda pakati pa anthu. Amayi a kunyanja anadabwanso kukhitchini poona nyemba zikuchedwa kupsa. Sikuti nkhuni zinali zoipa ayi. Pamalo okwera chotero madzi amawira asanatenthe ngati mmene amatenthera kwathu, choncho mphika umafuna nthawi yochulukirapo. Tinaona minda ya mbatata ya kachewere, kabichi wamkulu ngati mutu wa munthu, ndi mitengo ya paini ili ndandanda m'phiri. Paliponse tinkangoti Subhanallah.

Eni mudzi ankangotiseka. Alamu athu anati: "Zimenezi ndiye zokudabwitsani? Ifetu kuzizira kumeneku timangodandaula nako."

Pobwerera tinatengana ndi mwana wamng'ono wa mlongo wathu, mnyamata wa zaka 10 amene anali asanafikeko kunyanja. Tikutsika Khwekhwerere, pa kona ina chigwa chonse chinaonekera, ndipo kutali kunali madzi ali mbuu. Mnyamatayo anatikoka dzanja. "Amalume, thambo ilo lagona pansi bwanji?" Titafika kwathu anaima pa mchenga nthawi yaitali osayankhula. Kenaka anafunsa: "Amathira madzi onsewa ndani? Nanga bwanji sakutha?"

Ana athu anamuseka monga mmene alamu aja anatisekera ife. Apa m'pamene manyazi anatigwira. Tinabadwira m'mbali mwa madzi amenewa, timasamba momwemo, timadya za momwemo, koma tinalephera kukumbukira tsiku lomaliza limene tinaima n'kuwayang'ana popanda kuganiza za mtengo wa usipa. Wa kumapiri anazolowera phiri, wa kunyanja anazolowera nyanja, ndipo aliyense akuganiza kuti zodabwitsa za Allah zili kwa mnzake.

Funso la mwanayo lili ndi yankho, ndipo yankho lake limatibwezera kwawo komwe. Mtsinje wa Linthipe umayambira kumtunda kwa Dedza, umalandira madzi a Diamphwe ndi a Lilongwe, n'kudzathira m'nyanja kufupi ndi Salima. Mitsinje yothira m'nyanjayi ilipo yambiri, koma wotulutsa madzi ndi umodzi wokha, Shire, ku Mangochi. Ngakhale zili choncho, madzi ochuluka zedi satulukira ku Shire. Amakwera kumwamba ngati nthunzi dzuwa likawomba, maso athu osaona kanthu. Mphepo yachinyontho ikagunda mapiri imakakamizika kukwera, ikakwera imazizira, ikazizira imasanduka mitambo ndi mvula, ndipo mvula ija imatsikanso ndi mitsinje. Choncho madzi amene anatiluma zala ku Dedza ndi amene timapangira wudhu kuno ndi amodzi. Palibe boma limene linakumba njira imeneyi, palibe injini imene imawakweza, ndipo palibe amene anatilipiritsapo.

Ophunzira Chiarabu amatiuza kuti mawu oti ayah ali ndi matanthauzo awiri: ndime ya m'Qur'an yolemekezeka, komanso chizindikiro. Taonaninso maina a masurah ena. Surah ya 16 ndi ya Njuchi, ya 27 ndi ya Nyerere, ya 29 ndi ya Kangaude, ya 95 ndi ya Nkhuyu. Zonsezi zimapezeka pakhomo pa munthu wosauka. Timachita bwino kutumiza ana ku madrasa kuti akaloweze ma ayah a m'Buku, koma ngati mwana yemweyo akudutsa ma ayah a pabwalo osawaona, ntchito yathu makolo yatsala theka.

Wina anganene kuti izi n'za anthu okhuta, kuti munthu wosaka ndiwo alibe nthawi yoyang'ana mitambo. Ife tikuti nkhaniyi ikukhudza ndiwo zomwezo. Chambo chachikazi chimasunga mazira ndi ana ake m'kamwa mpaka atakhwima, chosadya bwino masiku onsewo. Munthu amene anaonapo zimenezi n'kugwidwa nazo mtima sangakokere kasawala ndi neti ya udzudzu. Mpasa umakwera mitsinje ngati Bua ndi Linthipe kukaswana, ndipo umafuna madzi oyera ndi timiyala. Mitengo ikatha kumtunda, dothi limakokoloka n'kukwirira malo amenewo, ndipo aliyense wa ku Salima amadziwa mmene Linthipe amafiirira m'dzinja. Nkhwangwa ya ku Dedza imamveka m'mbale ya ku Salima, monganso neti ya ku Salima imamveka pa msika wa ku Dedza. Akuluakulu a kwa Mfumu Makanjira ku Salima anazindikira zimenezi kale. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 amatseka chilumba cha Mbenje m'miyezi ya dzinja kuti nsomba ziswane. Chinthu chimene munthu amachilemekeza amachisamala. Chimene wachizolowera mopitirira amachiwononga osadziwa n'komwe.

Akale anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Sipafunika ndalama ya basi yopitira ku Dedza. Tikaswali Fajr tisathamangire kubwerera pa mphasa tsiku lililonse. Nthawi zina titenge mwana tikaime naye pa gombe mpaka dzuwa lituluke. Pa chakudya, tikati Bismillah, tifunse ana kuti mbatata iyi kapena nsomba iyi yadutsa m'manja angati ndi m'mvula zingati kuti ifike pano. Koposa zonse, mwana akafunsa funso looneka lopusa tisamukalipire kuti akutisokosa. Ngati yankho tilibe, tinene kuti tiyeni tikafunse kwa Shehe kapena kwa aphunzitsi. Mwana amene wakalipiridwa kawiri katatu amasiya kufunsa, ndipo akasiya kufunsa amasiyanso kuona. Pamenepo Subhanallah amangotsala mawu a pakamwa.

Mnyamata uja anakhala nafe masabata awiri. Tsiku lobwerera anatunga madzi a m'nyanja m'kabotolo kuti akaonetse anzake. Mwana wathu wamkazi, yemwe uja anamuseka tsiku loyamba, anamuuza kuti: "Ukapite nawo bwino, ndi a kwanu omwe." Kenaka anatifunsa kuti tidzapita liti kukaona pamene Linthipe amayambira. Tamulonjeza, Insha-Allah, mvula ikadzatha.

Tikupempha Allah kuti atitsegule maso ife ndi ana athu, atipange kukhala anthu oyamika pa zimene watizunguliza nazo. Ameen. Tidzakumananso m'kope lotsatira. Wassalaamu alaikum.