Nyimbo Imodzi Sachezera Gule

Aliyense amene adachezerapo pa dansi ya oimba pa Bangula kapena pa Sorgin, m'dera la Mfumu Yaikulu Mbenje, amadziwa phokoso limene limabuka nthawi ikamayandikira pakati pa usiku. Oimba amakhala atayenda ulendo wautali kuchokera ku Blantyre: atsetsereka zitunda za ku Chikwawa, awoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, adutsa Nchalo ndi Ngabu, ndipo tsopano thukuta la m'chigwa lili kamukamu. Woimba akangoti apumeko kuti amwe madzi, mawu amamveka kuchokera kumbuyo kwa holo. Wina akutchula dzina la nyimbo. Mnzake akupokera, wachitatu akukweza dzanja, ndipo posakhalitsa khamu lonse likufuula dzina lomwelo ngati kuti lidapangana.

Akuluakulu ena akamva zimenezi amapukusa mutu, amati ana amakono alibe khalidwe, akuphunzitsa mwini ng'oma kuimba. Achinyamata amayankha kuti adalipira pakhomo, choncho woimba ayenera kuchita zimene iwo akufuna. Mbali zonse ziwiri zaphonya pang'ono. Kupempha nyimbo ndi mwambo wakale wa m'dziko muno, ndipo uyenera kusungidwa. Chimene chikutayika ndi ulemu umene unkatsagana ndi pempholo.

Pa bwalo la makolo panalibe mpanda pakati pa woimba ndi womvera. M'chigwa cha Shire, oimba valimba akakhala pansi mozungulira chida chawo, zipanda zili kunsi kwa timatabwa kuti mawu amveke patali, anthu ankayandikira mpaka kukhudzana nawo mapewa. Amayi akamavina utse, kapena abambo akamadumpha likhuba, wotsogolera nyimbo sankatha kuimaliza yekha: iye ankayambitsa, khamu n'kuvomera. Nyimbo yopanda ovomera inkangofera m'kamwa. N'chifukwa chake akale adati gule ndi wa aliyense, kulakwa n'kuthyola mwendo. Pabwalo lotere, mayi wachikulire amene wasowa nyimbo ya pa unamwali wake ankatha kuiyamba chapansipansi, anzake n'kuipokera, ndipo oimba ng'oma ankaitsatira osaona ngati wawalanda udindo.

Koma panali dongosolo. Munthu akasangalala ndi kuimba kapena kuvina kwa wina, ankalowa m'bwalo n'kumufupa, kaya ndi kandalama, kaya ndi mkanda, nthungululu zili wowowo. Choyamba chinali luso, mphatso inkabwera pambuyo. Kufupa kunali kuthokoza, ndipo wolandira ankalandira mutu uli m'mwamba. Ngakhale pa ukwati, pa nthawi ya perekaniperekani, pamene akuchimuna kapena akuchikazi amatchula nyimbo yoti avinire poponya ndalama, amadzera kwa mwini mwambo, ndipo amadikira kuti dzina lawo liitanidwe.

Wailesi itabwera, mwambowu udangosintha chovala. Kuyambira pamene MBC idakhazikitsidwa mu 1964, anthu adazolowera kupempha nyimbo ndi kupereka moni kudzera m'mapologalamu monga Zokonda Amayi ndi Tadzuka Sitidziwa Anzathu. Masiku amenewo kusanabwere mafoni a m'manja, munthu wa kwa Mbenje ankalemba kalata, kugula sitampa, kukaiponya ku positi, n'kudikira masabata angapo khutu lili ku wailesi. Kawirikawiri nyimboyo sankadzipemphera yekha. Inkapita kwa mwamuna amene ali ku Joni, kwa mwana amene ali ku sukulu yogonera konko, kapena kwa mlongo amene adakwatiwa ku Zomba. Pempho linali mphatso yopita kwa wina, ndipo linkaphunzitsa kudekha.

Tsono n'chifukwa chiyani munthu amene walipira kuti aone woimba ndi maso amalimbikira kumva nyimbo imene ali nayo kale pa foni, imene waimva kambirimbiri? Yankho lake n'lakuti nyimbo ikakhalitsa pakati pa anthu imasenza katundu amene mwini wake sadaikemo. Evison Matafale wa ku Chileka adamwalira mu Novembala 2001 ali m'manja mwa apolisi, koma gulu la Black Missionaries limene adasiya lidapitiriza kuyenda m'dziko lonse, ndipo anthu sadaleke kupempha nyimbo zake monga Yang'ana Nkhope. Lucius Banda wa ku Balaka, amene ambiri ankamutchula kuti Soldier, adaimba kwa zaka zoposa 30 kufikira imfa yake pa 30 Juni 2024, ndipo ngakhale adatulutsa zimbale zambiri, anthu ankafunabe kumva Mabala. Amene amapempha nyimbo zoterezi amakhala akukumbukira chaka chimene adakwatira, basi imene adakwera popita kukayamba ntchito, kapena m'bale amene ankaikonda koma lero adatsogola.

Anthu a m'chigwa amaidziwa bwino nkhani imeneyi. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 adakokolola nyumba, ziweto ndi mbewu, ndipo mabanja ambiri adakhalako m'misasa pa Bangula. Zithunzi za ukwati zidapita ndi madzi, makalata akale adasungunuka, makaseti adakwiririka m'matope. Chimene madzi sadathe kunyamula ndi nyimbo imene ili m'mutu. Bambo amene wataya zonse akaimirira m'holo n'kupempha nyimbo ya pa unyamata wake, akupempha kachidutswa ka moyo wake kamene katsala. Woimba amene amanyoza pempho lotere, n'kumati nyimbo zakale zidamutopetsa, waiwala amene adamubereka kumsana. Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu, wobadwa mu 1930, sadataye nyimbo yake ya Linny Hoo ngakhale idakalamba naye. Mu 2020 adaiimbanso pamodzi ndi Patience Namadingo, ndipo patapita kanthawi idafalikira pa intaneti mpaka kumayiko amene samva ndi liwu limodzi lomwe la Chichewa. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Komabe pempho lili ndi malire ake, ndipo chitsanzo cha kutali chingathandize. Ku America kudali gulu la nyimbo za rock lotchedwa Lynyrd Skynyrd, limene lidatulutsa nyimbo yaitali yotchedwa Free Bird mu 1973. Pa chimbale chimene adajambula pamaso pa anthu mu mzinda wa Atlanta mu 1976, mtsogoleri wawo Ronnie Van Zant akumveka akufunsa khamu nyimbo imene likufuna, ndipo anthu akuyankha ndi dzina la nyimboyo. Chaka chotsatira iye adafa pa ngozi ya ndege. Pempho limene lidayamba ndi chikondi lidasanduka chizolowezi, kenaka nthabwala: anthu adayamba kufuula dzina la nyimboyo pa zoimbaimba za magulu ena amene nyimboyo si yawo, pongofuna kuseketsa anzawo ndi kusokoneza woimba. Mawu adakhala omwewo, koma mtima udachokamo. Pempho likataya ulemu limasanduka chipongwe.

Zizindikiro za matenda omwewo zayamba kuoneka kuno. Mnyamata amene wakhuta kachasu amakankha anthu, kukwera pa nsanja, n'kumagwedeza K5,000 pamphuno pa woimba kuti asiye nyimbo imene ali pakati pake ayambe ina. Woimba akapitiriza, ena amaimba mluzu wonyoza, ena amatukwana, ndipo pena botolo limauluka. Ndalama imene kale inkabwera pambuyo ngati kuthokoza, tsopano ikubwera patsogolo ngati chikwapu. Woimba amene ali ndi ana kunyumba, amene sadalipire galimoto yonyamula zida, amatha kugonja, koma amatsika pa nsanja atachepa. Amene adabwera kudzamva nyimbo imene yadulidwayo nawonso aberedwa, ngakhale kuti adalipira ndalama yofanana pakhomo.

Mfundo yakuti wolipira ndiye mfumu iyenera kuyankhidwa mwachilungamo, chifukwa ili ndi choonadi pang'ono. Ndalama ya pakhomo ndi thukuta la munthu, mwina la thonje limene wagulitsa, mwina la nsomba za m'dambo, ndipo woimba amene sasamala za omvera ake akudula nthambi imene wakhalira. Koma chimene munthu amagula pakhomo ndi malo pabwalo. Khosi la woimba silili pa malonda. Mlendo wolandiridwa bwino angathe kunena kuti amakonda mlamba wowamba, ndipo mwini nyumba wanzeru amamva. Koma mlendoyo salowa kukhitchini kukaphula mphika umene uli pamoto. Komanso m'holo muli anthu mazana, aliyense ndi nyimbo ya kumtima kwake. Woimba ndi amene amaona nkhope zonse ali pamwamba, ndipo ndi iye amene amadziwa kuti oimba ng'oma atopa, kuti nyimbo yachisoni siyenera kutsatana ndi inzake yachisoni, ndi kuti nyimbo yokondedwa koposa imakoma ikasungidwira kumapeto.

Apa ndi pamene mwambi wa akale umafika: nyimbo imodzi sachezera gule. Usiku ndi wautali, ndipo gule amene angobwereza nyimbo imodzi amabalalika tambala asanalire. Nyimbo iliyonse imene lero anthu amaifuulira inali yachilendo tsiku lina. Padali usiku umene anthu adamva Mabala koyamba, osadziwa povomera pake, koma adatchera khutu. Akadaizimitsa ndi phokoso pofuna zimene ankadziwa kale, bwenzi lero palibe woipempha. Ngakhale kunja zoterezi zidachitikapo: mu 1965, pa chikondwerero cha nyimbo ku Newport, ena mwa omvera adakuwiza Bob Dylan chifukwa adabwera ndi gitala ya magetsi m'malo mwa imene adamuzolowera nayo, koma nyimbo za nthawi imeneyo ndi zimene pambuyo pake zidatchuka kwambiri. Khamu limene limakana zatsopano likudya mbewu, ndipo adzukulu ake sadzakhala ndi chokolola.

Mwambo wabwino, tsono, si wovuta kuusunga. Wopempha adikire nyimbo ithe, atchule pempho lake kamodzi kapena kawiri, kapena alembe pa kapepala n'kupereka kwa wotsogolera mwambo. Ngati ali ndi mphatso, apereke nyimbo ikamaimbidwa kapena itatha, monga ankachitira makolo. Ngati pempho lake silidatheke, avine imene ilipo, pakuti kupempha si kuba, komanso si kulamula. Woimba nayenso ali ndi ngongole yake. Asonyeze kuti wamva, ngakhale pongokweza dzanja. Ngati nyimboyo sangathe kuiimba, kaya chifukwa gulu silidakonzekere, kaya chifukwa mawu ake sagwirizananso ndi chikhulupiriro chake, anene mwaulemu. Ndipo asabwerere kumtunda osaimba nyimbo imene idapangitsa anthu kupalasa njinga kuchokera kumidzi kudzamuona.

Pali chinthu chinanso chimene adzukulu, makamaka amene akukulira ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Johannesburg, ayenera kuchilingalira. Pempho lili ndi mphamvu yosunga nyimbo ndi moyo. Oimba amaphunzira zimene anthu amafunsa, ndipo amaiwala zimene palibe wozitchula. M'chigwa chomwechi mudatuluka gulu la Lucky Stars, limene nyimbo yake ya Chinafuna M'bale idamveka m'dziko lonse m'Chisena, anthu a ku Mzimba ndi ku Mangochi n'kumaivina. Koma pa maukwati ambiri a masiku ano, wosewera nyimbo pa makina amatha usiku wonse osamva munthu akupempha nyimbo ya Chisena kapena ya Chimang'anja, ndipo woimba valimba amakalamba zipanda zake zikudyedwa ndi chiswe kuseri kwa nkhokwe. Mwana amene akadaphunzira kwa iye amaona kuti palibe woitana, ndipo amasankha zina.

Choncho mdzukulu amene wabwera kumudzi pa tchuthi, akapezeka pa dansi kapena pa ukwati, asachite manyazi kupempha. Apemphe nyimbo ya ku Chileka kapena ya ku Balaka imene amaikonda, palibe cholakwa. Koma akumbukirenso kufunsa agogo ake dzina la nyimbo imene ankavina mwezi ukawala, aisunge pamtima, ndipo nthawi yake ikakwana aitchule mwaulemu pamaso pa anthu. Mwina woimba sadzaidziwa usiku umenewo. Koma akaimva ikupemphedwa pa Bangula, n'kudzaimvanso pa Ngabu, adzakaifunafuna. Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka.