Diso la mbuzi silifuna fodya

Chilumba cha Mbenji chikatsekedwa mu Disembala, potsata lamulo la Mfumu Yaikulu Makanjira, asodzi ambiri kuno ku Chikombe amadalira mbuzi ndi ng'ombe zawo kufikira Epulo. Tsoka ilo, dzinja ndiyonso nyengo ya ntchentche, zomwe zimafalitsa nthenda ya maso m'khola. Diso limayamba kuchucha misozi, kenaka kufiira, mapeto ake kuyera ngati mkaka. Mbuzi yosaona sidya bwino, imangowonda.

Mankhwala alipo, abale anga: tetracycline wopaka m'maso, kapena jakisoni wa oxytetracycline. Mukakhala tinyongolotsi m'disomo pamafunika ena, monga ivermectin. Wodziwa kusiyanitsa ndi mlangizi wa ziweto, osati mnyamata woyanika makapisozi padzuwa pamsika. Koma poti mlangiziyo ali kutali, anthu akuthira fodya, mchere, ena mpaka parafini. Kumeneko n'kupsereza diso basi.

Inu a geni yambuzi ochokera ku Lilongwe, ndikukuonani. Mumakonda mbuzi yakhungu poti mwiniwake amagulitsa motaya. Kodi mumafunsako kuti inabayidwa liti jakisoni? Mankhwalawo amakhala m'nyama milungu ingapo, ndipo kanyenya wakeyo timadya ndife.