Kusiya Nchito ndi Kukaphunzira Kutsidya la Nyanja



Abale anga okondedwa, mwezi uno tiyeni tikambirane mlandu umene usowetsa tulo mabanja ambiri. Pali mwana wa pamudzi, mphunzitsi, kapena namwino, kapena kalaliki wa Boma, amene alandira malipiro mwezi ndi mwezi, nalipirira ang'ono ache sukulu, nagula feteleza wa m'munda wa amache. Tsiku lina ifika kalata yonena kuti wapeza malo pa sukulu yaikulu ya ku Ulaya kapena ku Amereka. Iye akondwa, koma mkazi wache angoti chete, ndi nkhalamba zifunsana kuti chaka chamawa tidzadya chiani. Kodi munthu wotere apite, kapena akhale?

Tisayambe ndi kunyoza maphunziro, pakuti nzeru ndi mphatso ya Mulungu. Kumbukirani Adrien Atiman, mwana amene ansembe a White Fathers anamuombola mu ukapolo, namtumiza ku chisumbu cha Malta kukaphunzira za mankhwala. M'chaka cha 1889 anafika ku Karema, m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika, ndipo anachiritsa odwala ndi kuphunzitsa katekisimu komweko kufikira imfa yache m'chaka cha 1956. Maphunziro a munthu mmodzi anasanduka moyo wa midzi yambiri.

Koma ulendo wotere uli ndi mtengo wache. Hastings Kamuzu Banda anali kalaliki pa mgodi wa ku Johannesburg pamene anasiya nchito nanka ku Amereka m'chaka cha 1925. Anatsiriza udokotala pa sukulu ya Meharry m'chaka cha 1937, napitirira ku Edinburgh, ndipo anabwerera kudzakhala kwao m'chaka cha 1958, zitapita zaka 33. Pobwera analankhula kwa anthu a mtundu wache kupyolera mwa womasulira. Walira mvula walira matope: njira ya maphunziro imatalika kuposa momwe wapaulendo anaganizira.

Chifukwa chache nditi kwa inu, ulendo uwu suli wa munthu mmodzi. Apita mmodzi, koma katundu wache asenza onse otsala. Tsono asanalembe kalata yosiya nchito, banja likhale pansi ndi kuyesa zinthu zitatu.

Choyamba ndi ndalama. Werengani kalata ija kawiri, ndipo muipereke kwa munthu wodziwa kuti akumasulireni bwino. Thandizo lina lilipira sukulu yokha, osati nyumba, chakudya ndi ulendo. Ndipo m'maiko aja lendi ya chipinda chimodzi itha kuposa malipiro onse a mphunzitsi wa kuno. Thandizo la Chevening, la Boma la Britain, lilipira ulendo, sukulu ndi chakudya kwa chaka chimodzi, koma liumiriza wophunzira kubwerera kwao ndi kukhalako zaka ziwiri. Ilo ndi pangano looneka. Koma kugulitsa ng'ombe kapena munda wa makolo chifukwa cha lonjezo la pakamwa, kumeneko ndiko kugwetsa nkhokwe usanaone chimanga chatsopano. Ndiponso yambani mwapempha kwa akulu a nchito tchuthi cha maphunziro, chilembedwe pa pepala. Kusiya nchito kukhale kotsiriza. Safunsa anadya phula.

Chachiwiri, chimene chiposa ndalama, ndi ukwati. Kuyambira mwezi wa Januwale 1, 2024, ophunzira ambiri opita ku Britain saloledwa kutenga mkazi, mwamuna kapena ana. Motero wokwatira adziwe kuti mwina apita yekha. Agogo athu adziwa bwino za machona, amuna amene ananka ku Joni ndi ku Halale nati tibwera dzinja likatha, koma akazi ao anakalamba ali kuyang'ana kunjira. Iwo sananyamuke ndi mtima woipa. Kutalika kwa nthawi ndiko kunaziziritsa chikondi. Ukwati umene munamanga pamaso pa Mulungu suli katundu wosungitsa kwa apongozi. Inu amuna, kungoti chete kwa mkazi sikuli kuvomera. Mumfunse ali yekha, kenaka muitane ankhoswe a mbali zonse ziwiri, mupangane poyera za miyezi ya ulendo, za wolima munda, ndi za wolipirira ana sukulu. Ngati wopita ali mkazi, lamulo ndi lomweli. Mmodzi akakana ndi chifukwa chomveka, ulendo udikire. Sukulu sithawa, koma mwana sakula kawiri.

Chachitatu ndi cholinga. Wopita adzifunse mumtima: nzeru zimenezi ndikazitenga, zidzathandiza yani? Namwino amene akaphunzira uzamba wozama kuti amai asafe pobereka ali ndi yankho. Koma wongofuna dzina lalitali ndi chithunzi cha pa chipale chofewa, ameneyo asiya nsima ya m'manja nathamangira fungo.

Ndipo inu makolo, musamange mwana ndi misozi chifukwa choopa kusowa mchere. Musamkankhenso chifukwa cholota ndalama za kunja, pakuti wophunzira sali wolemera. Ngati ndalama zakwanira, mnzache wa ukwati wavomera ndi mtima wonse, ndi tsiku lobwerera ladziwika, mlekeni apite. Mupite naye ku Misa, Bambo Mfumu amdalitse, ndipo akafika afunefune tchalitchi sabata loyamba lomwe. Koma zikasowa izi, akhale pa nchito yache wopanda manyazi, nayesenso chaka china. Kulera ana ndi kusamala makolo ilinso nchito yolemekezeka pamaso pa Mulungu.

Yosefe Woyera, amene ponka ku dziko la Ejipito sanasiye banja lache m'mbuyo, atipempherere ife tonse.

Ndine wanu mwa Kristu,
Mphunzitsi wa Katekisimu