Hamala yomwe inamenya malume

Amangwetu, sabata ino mundipirire, mtima wanga suli m'malo. Malume anga kumudzi anadzuka Lachiwiri pakamwa patapotoka, dzanja lamanja lili lendee, mawu osatuluka. Abale anakhala upo n'kugamula kuti amenyedwa ndi hamala ya afiti. Masiku awiri athunthu anathera kwa sing'anga, mbuzi n'kupita. Pomwe amafika kuchipatala, adokotala anangopukusa mutu: ndi sitiroko iyi, ndipo mwachedwa nawo.

Inetu si dokotala, koma hamala imeneyi anthu akhala akuifufuza kwa zaka zoposa 140, ndipo ili m'mutu momwemo.

Pamwamba pa ubongo pali kachikuto kamakwinyamakwinya, kochindikala mamilimita awiri mpaka anayi basi. Madokotala amakatcha cortex, liwu la Chilatini lotanthauza khungwa. M'khungwa limeneli ndi momwe mumachokera kuyankhula, kuganiza ndi kuyendetsa manja.

Cha m'ma 1870, dokotala wina wa ku Turin m'dziko la Italy, Angelo Mosso, anakumana ndi mlimi wobooka chigaza pa ngozi, dzina lake Bertino. Pachibowopo ubongo unkaoneka kugunda ngati liwombo la khanda. Mosso anaikapo kachipangizo koyezera kugundako, n'kumuuza mlimiyo kuti achulukitse 8 ndi 12. Pomwepo magazi anathamukira ku ubongo, pamkono pali zii. Tsiku lina belu la tchalitchi litalira masana, kugunda kuja kunakweranso. Mkuluyo anaulula kuti anakumbukira pemphero lomwe sananene. Taonani, chikumbumtima kuoneka papepala!

Apa mpomwe anthu anayamba kuzindikira kuti ubongo ulibe nkhokwe. Umadya chapomwepo ngati waganyu, ndipo magazi amakhamukira mbali yomwe ikugwira ntchito. Mu 1948, Seymour Kety ndi Carl Schmidt a ku America anayeza kuti magalamu 100 alionse a ubongo amalandira magazi okwana pafupifupi mamililita 50 pa mphindi. Ubongo wonse ndiye kuti mabotolo a Fanta awiri ndi theka pa mphindi iliyonse, usana ndi usiku. Kanthu kolemera kilo imodzi ndi theka yosakwana, koma pa mpweya wonse womwe thupi limagwiritsa ntchito, gawo limodzi mwa magawo asanu ndi lake. Dyera lake ngati la bwana pamaliro.

Tsono mvetsetsani apa, chifukwa ndi pomwe pandipweteka. Jens Astrup, Lindsay Symon ndi anzawo, atafufuza pa anyani m'ma 1970, anapeza kuti mtsempha ukatsekeka, khungwa lija silifa lonse nthawi imodzi. Magazi akatsika kuchoka pa 50 paja kufika pansi pa 20, ubongo umangokhala chete, osagwira ntchito koma uli moyo. Akatsika kufika cha m'ma 10 mpomwe umafa. Pakatikati pamafa msanga, koma m'mbali mwake mumatsala dera lokomoka chabe, longa chimanga chofota chodikira mvula. Likathiriridwa msanga limadzuka. Likachedwa limauma, ndipo silimeranso.

Ndiye chifukwa chake mankhwala osungunula magazi oundana amaperekedwa pasanathe maola anayi ndi theka, atayamba ajambula mutu kuti aone ngati mtsempha watsekeka kapena waphulika. Zoona, mankhwalawo sapezeka paliponse. Komabe ngakhale popanda iwo, achipatala amayang'anira BP, shuga ndi kameza kuti wodwala asatsamwe ndi phala. Kwa sing'anga kuja malume amawamwetsa zitsamba m'chikho, munthu wolephera kumeza!

Nanga bwanji dzanja lamanja ndi mawu pamodzi? Palibe chozizwitsa. Mbali yakumanzere ya ubongo ndiyo imalamula mbali yakumanja ya thupi, ndipo mwa anthu ambiri kuyankhula kumakhalanso kumanzere komweko. Mfiti yodziwa zimenezi ndiye kuti inapita kusukulu ya udokotala.

Azakhali andinong'oneza kuti malume anasiya kumwa mapiritsi a BP chaka chatha, ati ankadzimva bwinobwino. Zimenezi pa upo uja palibe anazitchula. Chomwe chatchulidwa ndi dzina la gogo wina wamasiye wokhala kuseri kwa dimba lathu, ndipo anyamata ayamba kale kumuponyera miyala padenga. Loweruka ndikwera basi yam'mawa, ndikaonane ndi anyakwawa.